Tinapita Kukamvera a Domingo

Ulendo uwu sunali wanga. Ndinene poyamba pomwe, chifukwa kwathu ku Zemba anthu amaukamba ngati ndinachita kuupempha. Ine thonje linali litayera m'munda kudikira kutola, ndipo msana wanga sugwirizana ndi mabampu. Koma mkamwini akauzidwa ndi mkazi wake kuti aperekeze apongozi, kukana kwake kumathera m'mimba.

Apongozi angawo ndi a Zuze. Anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique, anapatsidwa malo, anakwatira, ndipo lero ndi mlimi ngati tonsefe. Amasiyana nafe pa chinthu chimodzi. Ali mwana, boma lakwawo linawatumiza kusukulu ku Cuba pamodzi ndi ana ena ambiri. Kumeneko ankaphunzira m'mawa, masana n'kumathyola manyumwa m'minda, ndipo anabwerako ndi Chisipanishi. Nkhondo inawalanda zonse, koma ichi anakana kuchitaya. Vuto linali lakuti ku Zemba kulibe wolankhula naye, ndiye anasankha ng'ombe. Ng'ombe zonse zimene a Zuze akhalapo nazo zimalima m'Chisipanishi. Amazidzutsa nacho, amazikalipira nacho, amaziuza nacho mtengo wa feteleza ndi zamwano za apongozi awo amene anamwalira kalekale. Ukazibwereka n'kuziuza kuti "tiye", zimangokuyang'ana. Anthu anawapatsa dzina loti a Cuba, ndipo iwo sanalikanepo.

Foni inabwera kuchokera kufupi ndi Manje, m'chigawo cha Tete. Woimba anali Kalitu, mwana wa a Domingo. A Domingowa anali limodzi ndi a Zuze ku Cuba, anathawira limodzi kuno, koma nkhondo itatha iwo anabwerera kwawo ndi banja lawo. Kalitu anati bambo ake anagwa ndi sitiroko. Atatsitsimuka, Chichewa chinali chitachoka, Chinyungwe chitachoka, ngakhale Chipwitikizi chimene ankalalatira nacho ana. Chinatsala chilankhulo china chimene pamudzi ponse palibe akuchimva. Amalankhula tsiku lonse, nthawi zina akulira, atagwira dzanja la akazi awo. Kuchipatala anawabweza kuti akadikire kunyumba.

"Tikuganiza kuti ndi cha ku Cuba chija," anatero Kalitu. "Amayi akuti munthu asafe ndi mawu m'kamwa. Bwerani mudzatimverere."

"Ndikubwera," anayankha a Zuze. "Chimenecho ndi chilankhulo changa."

Mkazi wanga Malita anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, nkhani inathera pomwepo. Ndine ndinali ndi chitupa cha reji chosang'ambika, ndipo ndinawolokapo malire kangapo masiku amene ndinkagulitsa mtedza.

Tinanyamuka m'mawa pa ngolo kupita kumsewu. Mnansi wathu amene anati atiperekeze n'kubwerera ndi ngoloyo analimbana ndi ng'ombe mpaka thukuta, ng'ombe osasuntha. Mapeto ake a Zuze, atavala jekete la kutchalitchi, anatenga okha chikwapu n'kufuula kuti "bamosi", ndiko kuti tiye, ngolo n'kuyenda. Mnansiyo anakhala kumbuyo ngati wodwala, akudandaula kuti pobwerera azichita kuzikoka pamphuno. Tinanyamula kathumba ka mtedza wosenda kopita kwa odwala, ndi botolo la thobwa limene linatayikira pa thalauza langa tisanafike n'kumsewu komwe.

Lole ya Kanta yonyamula soya inatitula pa Chadiza dzuwa litakwera. Pamenepo tinapeza kagalimoto kopita ku Katete kali ndi anthu awiri okha, dalaivala akulumbira kuti kanyamuka pompano. Mawu akuti pompano ndimawadziwa. Tinadya nthochi, tinaona mbuzi zikumenyana, ndinawerenga zolembedwa pa mashopu onse mpaka ndinayambiranso. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwerera pamalo pomwe paja kuti odutsa aziyesa kuti achedwa. A Zuze sanadandaule. Anakhala pamwala akuyeseza mawu awo chapansipansi, milomo ikugwedera ngati munthu wopemphera. Ine ndinali nditatopa kale, Chadiza tisanatulukemo.

Kagalimoto katadzaza, kanadzaza zenizeni. Pampando wakumbuyo wa anthu atatu tinakhalapo asanu. Apa ndiyenera kufotokoza. Chikwatirireni Malita, ine ndi a Zuze sitinadyerepo m'mbale imodzi kapena kukhala pamphasa imodzi. Tikakumana panjira ndimapatuka n'kupereka moni ndili chapatali, monga mmene mkamwini woleredwa amachitira. Tsiku limenelo dalaivala anandikankha ndi bondo n'kutseka chitseko, ndipo ndinapezeka theka la thupi langa lili pamiyendo ya apongozi. Bampu lililonse linkandinyamula n'kundibwezera pomwepo.

"Pepani, atate," ndinatero pa bampu loyamba.

"Palibe kanthu, a Tembo."

Pa lachiwiri ndinapepesanso. Titafika pakati pa njira anandiuza kuti ndisunge mapepani otsalawo, tidzawafuna ku Mozambique. Ndinayang'ana pawindo njira yonse, khosi mpaka kuuma, kuopa kuti maso athu angakumane.

Pa Katete dalaivala wa galimoto ya ku Chanida anafuna kuti kathumba ka mtedza kalipiridwe ngati munthu. Ndinamufunsa ngati kadzakhalanso ndi bodapasi yake. Tinakangana mpaka anatsitsa, koma anabwezera potiika pampando wakumbuyo kwenikweni, pamwamba pa tayala, pamene fumbi limalowera. Tinafika pa Chanida kukuda, geti litatsekedwa, malole atandandalika m'mbali mwa msewu. Tinapeza kachipinda kamodzi kokhala ndi bedi limodzi. Apongozi anagona mkati, ine pakhonde ndi udzudzu.

Kuwoloka kunalibe vuto. Tinadinditsa mapepala athu, osintha ndalama anatizinga ngati ntchentche, tinasintha makwacha athu n'kutuluka tsidya linalo, pa Cassacatiza. A Zuze anaima pang'ono n'kuyang'ana uku ndi uku. Ndinkayembekeza kuti anena kanthu za dziko lawo, koma anangofunsa kumene kuli chimbudzi.

Minibasi za kumeneko amazitcha chapa, ndipo matenda ake ndi omwewo a kwathu: sizinyamuka zisanadzaze. Tinalowa m'mawa kukuzizira, tinakhala mpaka malata a galimoto anayamba kutentha. Pafupi nane panakhala mayi wina wonenepa wogulitsa nsomba zouma, wa pakamwa posapuma, amene anandiuza mbiri ya amuna ake onse awiri ndisanamufunse. Fungo la katundu wake linalowa m'malaya anga ndipo linafika nane mpaka ku Zemba. Womaliza kukwera anali sisitere wa Chikatolika, wachikulire, wakhungu loyera koma lopsa ndi dzuwa, atanyamula katoni ya mankhwala. Kondakitala anamupatsa malo moyang'anana ndi a Zuze.

Titayenda pang'ono, chapa inagwa m'dzenje, katoni ija inadumpha, ndipo asisitere analankhula mawu angapo okwiya m'chilankhulo chawo. Ndinaona apongozi akuwongoka ngati awabaya ndi singano. Anakonza jekete, anatsokomola, kenaka anayamba. Sindinamvepo a Zuze akulankhula chonchija. Mawu ankatuluka okhaokha, aatali, osapunthwa, manja akuthandiza. Chapa yonse inakhala chete. Asisitere anatsegula maso, anagwira pachifuwa, nkhope yonse n'kuwala. Kunapezeka kuti kwawo ndi kutsidya kwa nyanja kumene Chisipanishi ndi cha pabere, ndipo papita nthawi asanachimve pakamwa pa munthu. Ndivomere kuti ndinanyada. Ndinayang'ana mayi wansomba uja kuti aone apongozi a anthu.

Kenaka asisitere anayankha. Anayankha mothamanga, mokondwa, ngati madzi otsegulidwa pampopi. A Zuze ankagwedeza mutu. "Si," ankatero, ndiko kuti eya. "Si, si." Asisitere anapitiriza, n'kuima, n'kudikira.

"Si," anatero a Zuze.

Asisitere anabwerezanso, n'kudikiranso.

"Si, si."

Apo asisitere anapendeketsa mutu n'kulankhula m'Chichewa chawo chopindikapindika. "Bambo, ine ndafunsa, inu mupita kuti?"

Mayi wansomba ndiye anayamba kuseka, ena n'kutsatira. "Agogo, mwangovomera zonse? Akanakupemphani ng'ombe bwenzi mutapereka." Sikunali kuseka kwa nkhanza, kunali kwa anthu otopa amene apeza choseketsa. Koma a Zuze sanaseke. Anayankha mwachidule kuti ku Manje, anatembenukira kuwindo, ndipo ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo. Ine manyazi anandigwira ngati wolakwa ndine.

Tayala linaphulika dzuwa lili paliwombo, pamalo popanda nyumba kapena msika. Dalaivala anaimika bwino, tinatuluka, sipeya inatsitsidwa, ndipo inapezeka kuti nayonso ilibe mpweya. Dalaivala anakalipira kondakitala, kondakitala anakalipira mwini galimoto amene kunalibe. Pomaliza kondakitala anakwera lole yodutsa atakumbatira tayala, kupita kukamatitsa kutsogolo. Anati abwera pompano.

Aliyense anafuna mthunzi wake. Mitengo ya kumeneko masamba anali atayoyoka, mthunzi wake wongonamiza. Ndinali nditangokhala pansi pamene apongozi anandikodola. Tinapita chapatali, kuseri kwa chulu, iwo anakhala pamuzu, ine ndinanjuta potero.

"A Tembo, galimoto ikadutsa yopita kumalire, tikwere."

"Tibwerere, atate?"

"Tibwerere."

Iwo anatola kamtengo n'kumakanda pansi.

"Mwaona nokha. Asisitere aja sindinawamve. Mawu amodzi apa, ena apo, koma zonse zimangodutsa ngati mphepo. Zaka zonsezi ndimati chilankhulo ndili nacho." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ng'ombe siziyankha, a Tembo. Ine ndimalankhula, izo zimakoka pulawo. Pakamwa ndinalima chaka ndi chaka, makutu ndinawasiya tsala. Sindinadziwe."

"Mwina ndi liwiro lawo asisiterewa."

"Nanga Domingo, wa pakamwa popindika ndi matenda? Ngati wamoyo wathanzi sindikumumva, ndikamva wodwala? Anthu aja akudikira kuti ndikawauze mawu otsiriza a bambo awo. Mwina akunena za munda, mwina za kumene akufuna kuikidwa. Ndikanena zolakwika, azitsata mpaka kale. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Bola akati a Zuze anadwala panjira."

Chisoni ndinali nacho, koma mkwiyo unali pamwamba pake. Ndinaganiza za thonje langa, za udzudzu wa pa Chanida, za msana wanga. Ndiponso ndinaganiza za mayi amene sindinamuonepo, atakhala pambali pa mwamuna wake kudikira ife. Mkamwini sakalipira apongozi, choncho ndinasankha mawu mosamala ngati munthu woyenda paminga.

"Atate, kubwerera ndi kutali kuposa kupitiriza. Ndipo Malita akandifunsa, ine bodza la matenda sindingalikwanitse."

Ndinadzuka, ndinapita kwa asisitere amene anali atakhala pa katoni yawo akudzikupiza ndi chipewa, n'kuwafotokozera zonse: za Cuba, za ng'ombe, za a Domingo. Pa ng'ombe sanaseke, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha chimenecho. Anati iwonso Chisipanishi chawo chimachita dzimbiri, moti akaimba foni kwawo achibale amawaseka kuti akulankhula ngati Mpwitikizi. Ananyamula katoni yawo, anapita kuseri kwa chulu kuja, anaiika pansi moyang'anana ndi a Zuze n'kukhalapo.

Zimene zinachitika kumeneko ndinkazionera patali. Asisitere ankalankhula pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, n'kudikira. A Zuze akati "si", asisitere ankapukusa mutu n'kubwereza mpaka atayankha zenizeni. Ankaloza mtengo, nsapato, dzuwa. Nthawi zina apongozi ankagwira mutu ndi manja awiri. Munthu wa imvi, wodziwika dera lonse kuti a Cuba, atakhala pamuzu ngati mwana wa giredi wani. Ndinayang'ana kumbali.

Kudikira kwa pamsewu kuli ndi magawo ake. Poyamba anthu amakwiya, kenaka amaseka, kenaka amagona, pomaliza amayamba kuyang'ana katundu wa anzawo. Madzi anatha. Bambo wina anapita kukafuna mudzi n'kubwera ndi chigubu cha madzi amatope amene tinamwa osafunsa. Lole iliyonse ikamveka patali tonse tinkaimirira, ikadutsa n'kutisiyira fumbi tinkakhalanso. Mayi wansomba anayang'ana kathumba kathu nthawi yaitali.

"Achimwene, m'menemo muli chiyani?"

"Mtedza wa odwala."

"Odwala sitiroko amatafuna mtedza?"

Funsolo linali lanzeru ndipo njala inali kumbali yake. Tinamasula. Iye anatulutsa nsomba, wina anakoleza moto, ndipo chapa yonse inadya mphatso ya a Domingo. Ndinatengera apongozi ndi asisitere m'chipewa, ndinaika pambali pawo, osandiona n'komwe.

Dzuwa litapendeka ndinamva a Zuze akuseka. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba. Asisitere anali atanena kanthu, ndipo iwo anaseka asanawamasulire. Kenaka anayankha, asisitere n'kuseka nawonso, n'kuwonjeza liwiro pang'ono. Pamene kondakitala amatulukira ndi tayala lake pa lole ina, awiriwo anali akutsutsana za chinachake, aliyense akudula mnzake pakamwa. Apongozi anabwera kuchapa akupukuta m'maso.

"Zayamba kulowa, a Tembo," anandinong'oneza. "Osati zonse. Koma zikulowa."

Za kubwerera sanazitchulenso. Asisitere anatsika pamphambano ina yopita ku mishoni kwawo, anagwira a Zuze dzanja nthawi yaitali, n'kunyamula katoni yawo pamutu ngati mayi wa kumudzi. Ife tinafika pa Manje kutada, tinagona kwa achibale a Kalitu, ndipo m'mawa Kalituyo anatitenga pa njinga zamoto ziwiri kulowa kumudzi. Za njira imeneyo ndikukumbuka mchenga ndi msana wanga basi.

Pakhomo panali anthu ambiri, atakhala mwa kachetechete wa pamalo pamene maliro sanachitike koma akuyembekezeka. Akazi a a Domingo, a Lozina, anatuluka kudzatilandira. Anali mayi wamng'ono thupi, maso atalowa mkati, milomo itauma. Moni anaudula pakati.

"Alamu, madzi mumwa pambuyo. Lowani."

Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko. A Domingo anali pamphasa, mbali imodzi ya nkhope itagwa, dzanja limodzi lili gone pachifuwa. Linalo linkafufuza m'mbali mpaka a Lozina analigwira. Ankalankhula. Mawu anali otsika koma osaduka, okwera ndi kutsika ngati munthu akunyengerera mnzake. A Zuze anagwada, anawatchula dzina, ananena mawu angapo m'Chisipanishi. Wodwalayo anatembenuza maso, anawayang'ana, n'kupitiriza zake. Apongozi anaweramitsa khutu pafupi ndi pakamwa pawo. Anamvetsera nthawi yaitali, mpaka miyendo yanga inachita dzanzi. Anafunsa kanthu pang'onopang'ono, monga ankachitira asisitere. A Domingo anayankha, koma ngakhale ine wosadziwa kanthu ndinamva kuti ziwirizi sizikukumana. Kenaka ndinaona a Zuze akutseka maso.

Titatuluka, anthu onse anatembenukira kwa ife. Apongozi anapempha kuti ayambe alankhula ndi a Lozina paokha. Anapita kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, ndipo anandikodola kuti ndikhalepo. Ndikuganiza kuti ankaopa kukhala okha.

"Mlamu," anayamba, "chimene akulankhula achimwenewa si Chisipanishi."

A Zuze anapitiriza.

"Kusukulu kuja kunalinso ana a maiko ena a muno mu Africa. Ena anali a ku Guinea. Iwowa paokha ankalankhula chilankhulo chawo, amati Kiliyolo. Chimamveka ngati Chipwitikizi koma si Chipwitikizi. Ndachizindikira kamvekedwe kake. Domingo anachiphunzira. Ine sindinachiphunzire."

"Anachiphunzira chifukwa chiyani?"

Apongozi anayang'ana nkhokwe, anayang'ana nsapato zawo. A Lozina anawathandiza.

"Binta," anatero.

A Zuze anadzidzimuka.

"Dzina silifuna womasulira, alamu. Chigwereni, ndalimva tsiku lililonse. Sindinakuitanireni dzinalo, ndipo sindikufunsa kuti anali ndani. Anali ana, kunali kutali, ine kunalibe." Analankhula mosakweza mawu, Chichewa chawo chosakanikira Chinyungwe. "Koma bambowa ndinathawa nawo nkhondo mwana ali kumsana. Ndinabwerera nawo kuno kudzayamba pa tchire. Ndawasambitsa, ndawatembenuza, ndawamwetsa phala ndi supuni. Za munda ndi za manda ana adziwa okha chochita. Ine ndikufuna mundiuze chinthu chimodzi. M'zonse akunenazi, ine ndilimo?"

Ine ndinakulira m'banja la akulu a mpingo, ndipo bodza ndinaphunzitsidwa kuti ndi tchimo. Koma pamenepo ndinapemphera mumtima kuti apongozi aname. Zinali zosavuta. Akanangoti eya, akukuthokozani, akuti munawasunga bwino. Palibe akanawatsutsa pamudzi ponsepo, ndipo dzina lawo la a Cuba likanabwerera ku Zemba lili lonse. Ndinawayang'ana m'maso koyamba chikwatirireni mwana wawo, kuwapempha.

A Zuze anatembenukira kwa a Lozina.

"Mlamu, sindikumva. Ndikanena kuti mulimo, ndiye kuti mawuwo ndi anga, si a Domingo. Mwina mulimo, mwina mulibe. Ndayenda ulendo wonsewu kudzakumvererani, koma sindikumva."

A Lozina sanalire. Anakhala pansi pang'onopang'ono, anatsamira mwendo wa nkhokwe, n'kuyang'ana manja awo.

"Amagwira dzanja langa," anatero. "Kaya amadziwa kuti ndi langa."

Nkhuku inadutsa pakati pathu ndi anapiye ake. M'nyumba mawu a wodwala ankamvekabe, akukwera ndi kutsika, kenaka anaima ngati akudikira.

"Mwamva?" anatero a Lozina. "Akaima chonchi amafuna wowayankha. Akapanda kuyankhidwa amalira. Ine ndayankha eya, eya, usana ndi usiku, osadziwa chimene ndikuvomera. Mwina ndikuvomera m'malo mwa mnzangayo." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Inu munali nawo kumeneko. Lowani mukawayankhe ndi chanucho. Ine ndatopa, alamu."

Apongozi anadzuka, anavula jekete lawo n'kundipatsa, analowa m'nyumba. Posakhalitsa mawu awiri anayamba kumveka, ena a Kiliyolo, ena a Chisipanishi, akulandizana. Wina akaima, mnzake ankayamba. Sankamvana, koma wodwalayo sanalire.

Achibale anandizinga kufunsa kuti a Domingo anena chiyani. Ndinati akulankhulabe. Nditabwerera kuseri kwa nyumba kuti ndikaike jekete pamthunzi, ndinapeza a Lozina atagona pomwe paja, pansi penipeni popanda mphasa, mutu atatsamira mkono, dzuwa la m'mawa likuwawomba kumapazi. Kalitu anabwera n'kuima pambali panga.

"Chigwereni bambo, amayi sanagonepo chonchi," anatero chapansipansi.

Mbuzi zinali zitayamba kulira pafupi ndi nkhokwe. Tinazimasula awiri, ine ndi iye, n'kukazimanga kutali kuti zisawadzutse.